Funsani a Zamaulendo: khadi ndi lanu, koma ndalama ndi za kampani

Makalata a mwezi uno ambiri akukamba za makhadi a Silver ndi Gold amene makampani a ndege amapereka kwa okwera pafupipafupi. Makampani angapo asintha kawerengedwe kake, ndipo madandaulo akuchokera mbali ziwiri: kwa oyenda ndi kwa olipira matikiti. Akuyankha ndi gulu lathu la ogulitsa matikiti ndi owerengera ndalama za maulendo.

Ndimagwira ntchito ku kampani ya zomangamanga kuno ku England. Amandituma ku Johannesburg katatu kapena kanayi pachaka, pa business class, ndipo ndili ndi khadi la Silver la British Airways. Anzanga akuti malamulo atsopano atitulutsa tonse mu lounge, chipinda chapadera chodikiriramo ndege. Kodi n'zoona? — Injiniya, Leeds

Mtima m'malo achimwene, nkhwangwayi siinagwere inu. British Airways inalengeza kumapeto kwa Disembala 2024 kuti kuyambira pa 1 Epulo 2025 pulogalamu yake ya makhadiwa, Executive Club, izitchedwa The British Airways Club, ndipo mapointi okwezera khadi azichokera ku ndalama: paundi imodzi, pointi imodzi. Bronze imafuna 3,500, Silver 7,500, Gold 20,000. Kale zinali 300, 600 ndi 1,500, koma mapointi akalewo ankatengera kutalika kwa ulendo ndi mpando umene mwakhala, mtengo wa tikiti osauyang'ana n'komwe. Chaka chowerengera nachonso chinasintha. Aliyense amayamba pa 1 Epulo n'kumaliza pa 31 Malichi.

Si ndalama zonse za pa tikiti zimene zimasanduka mapointi. Tsegulani risiti yake muone. Pali mtengo weniweni wa ulendo, pali ndalama zimene kampani ya ndege imadziwonjezera yokha, zolembedwa YQ kapena YR, kenako misonkho ya boma ndi ya mabwalo a ndege. Ziwiri zoyambazo zimawerengedwa, pamodzi ndi zimene mwalipira posankha mpando kapena ponyamula sutikesi yowonjezera. Misonkho ayi. Ndipo si yochepa: msonkho wa boma la Britain wa Air Passenger Duty wokha, kwa munthu wonyamuka ku London kupita ku Johannesburg pa business, unali mapaundi 224 kuyambira Epulo 2025.

Tsono tiyerekeze kuti kampani yanu imagula tikiti ya mapaundi 3,200, ndipo tikachotsa misonkho patsala 2,900. Maulendo atatu akupatsani 8,700, Silver yatheka. Mwa kale, London mpaka Johannesburg pa business zinkabweretsa mapointi 140 popita ndi 140 pobwera. Maulendo atatu anali 840, Silver yomweyo. Kwa inu palibe chimene chasintha kwenikweni. Komanso anthu atakwiya kwambiri, mu Febuluwale 2025 kampaniyi inawonjezera mapointi a bonasi, kuyambira 75 mpaka 550 pa ndege iliyonse malinga ndi mpando, kwa amene analembetsa. Inabwezanso njira yopezera khadi powerenga ndege zake zimene mwakwera: 25 pa Bronze, 50 pa Silver.

Amene analira zenizeni ndi ochenjera aja, omwe ankasaka matikiti otchipa a business odutsira kwina. Ulendo wa London, Doha, Johannesburg pa Qatar Airways unali ndege ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, iliyonse yopitirira mamailosi 2,000, ndiye mapointi 560 pa tikiti imodzi. Matikiti atatu otere, kuphatikiza ndege zinayi za British Airways zimene lamulo linkafuna, munthu anali wa Gold. Khomo limenelo ndi limene anafuna kutseka. Wopindula ndi bwana amene kampani yake imamugulira tikiti ya mapaundi 7,000 kutatsala masiku awiri: kale ankafunika maulendo 6 kuti afike pa Gold, pano atatu okha angakwanire. Chenjezo limodzi kwa inu: ngati ejenti wa kampani yanu wakuikani pa ndege ya kampani ina ya m'gulu la oneworld, mgwirizano wa makampani a ndege umene British Airways ilimo, ndi nambala ya ndege ya kampani inayo, mapointi nthawi zambiri amachokera ku gawo la mamailosi, osati mapaundi, ndipo angachepe.

Ndine akauntanti pa kampani ina kuno ku Blantyre. Bajeti ya maulendo akunja yatha chaka chisanathe. Mabwana awiri amaumirira ndege imodzimodzi ngakhale ikhale yodula, ndipo pempho la tikiti limandipeza kutatsala masiku atatu. Ndilembe zotani mu ndondomeko ya maulendo? — Akauntanti, Ginnery Corner

Mayi, mwagwira pamene pali chilonda. Khadi limalembedwa dzina la munthu, invoisi imalembedwa dzina la kampani. Pamene mapointi ankatengera mtunda, wantchito sankapindula kanthu tikiti ikadula. Pamene akutengera ndalama kapena kalasi ya tikiti, dola iliyonse imene kampani yaluza ikumukwezera iyeyo khadi. Sikuti anthu ndi akuba. Koma munthu amene watsala pang'ono kufika pa Gold sasowa chifukwa chomveka chokanira ndege yotchipa: ikunyamuka usiku kwambiri, kudikira ku Nairobi n'kotalika, msonkhano ungasinthe tsiku. Zifukwazo nthawi zina n'zoona, n'chifukwa chake lamulo liyenera kukhala la manambala, lopanda kukambirana munthu ndi munthu.

Yambani ndi maola. Lembani kuti business imaloledwa ulendo ukapitirira maola akuti, ndipo fotokozani mmene maolawo akuwerengedwera, chifukwa mkangano umabukira pamenepo. Lamulo limene United Nations inakhazikitsa mu 2013 linati antchito wamba akwere business ngati ndege imodzi ikuuluka maola 9 kapena kuposa, kapena ngati ndege zingapo pamodzi zikukwana maola 11, koma nthawi yodikira pa bwalo iwerengedwe yosaposa maola awiri. Boma la America linaika malire pa maola 14. Kachigawo ka kudikirako n'kofunika kwa ife, popeza wochokera ku Chileka kapena ku Kamuzu International Airport sangafike ku Ulaya osadutsira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Mukapanda kukalemba, munthu adzasankha dala ulendo wodikira maola 7 kuti maola akwane. Ulendo wa ku Johannesburg, womwe sukwana maola atatu, suyenera business kwa wina aliyense, ngakhale mkulu wa kampani. Amenewo ndi maganizo athu, ndipo tikudziwa kuti si onse angawakonde.

Kenako masiku. Mipando ya mu ndege imagulitsidwa m'magulu a zilembo. Mu business J, C ndi D kawirikawiri ndi zodula, mu economy Y ndi B ndi zodula, ndipo zilembo zotchipa zimakhala ndi mipando yowerengeka imene imayamba kutha. Wokhala pa mpando 23A ndi wa pa 23B angasiyane kawiri pa mtengo, chakudya chili chimodzimodzi. Ikani lamulo loti tikiti igulidwe kutatsala masiku 14, ndipo wochedwa alembe chifukwa, asaine ndi womuyang'anira. United Nations imafuna masiku 16. Kwa bwana wamkulu, asaine wapampando wa bodi, apo ayi lamulolo lidzangogwira ang'onoang'ono.

Chachitatu ndi chimene makampani ambiri amaiwala. Uzani ejenti wanu kuti pa tikiti iliyonse azilemba mitengo iwiri: umene wagulidwa, ndi wotsikitsitsa umene unalipo tsiku lomwelo pa ndege zofika nthawi yoyenera. Mitengo yonse ikhale ya tsiku limodzi ndiponso yokhala ndi masutikesi ofanana, chifukwa makotesheni atatu otengedwa masiku osiyana sauza munthu kanthu. Mwezi ukatha phatikizani kusiyanako pa dzina la munthu aliyense. Pepala limodzi limenelo likafika pa tebulo la bodi limalankhula lokha. Mungalole kampata: wantchito asankhe ndege ya kumtima kwake ngati kusiyana sikupitirira gawo limene mwagwirizana, tinene madola 100, ndipo zoposa apo alipire yekha.

Samalaninso ndi pempho looneka ngati lothandiza kampani, loti "ndiguleni economy, ndidzakwera business ndi mamailosi anga". Matikiti otchipitsitsa nthawi zambiri salola kukweza ndi mamailosi, mapointi aja amene wokwera amasonkhanitsa pa khadi n'kugulira tikiti kapena mpando wapamwamba, ndiye ejenti amagula Y kapena B, yomwe ingadule kuwirikiza economy wamba. Ndipo musamangogula matikiti osinthika kwa aliyense poopa kuti misonkhano isintha. Werengani kuti chaka chatha ndi maulendo angati amene anasinthadi. Ngati ndi umodzi pa 10 aliwonse, kulipira chindapusa chosinthira kamodziko n'kotchipa kuposa kugula matikiti 10 odula.

Mitengo ya matikiti akunja imakhala m'madola ndipo imasinthidwa kukhala makwacha tsiku lotulutsa tikiti. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotesheni ya dzulo inasanduka pepala chabe. Bajeti ya maulendo ilembeni m'madola, ndipo kotesheni ikavomerezedwa tikiti ituluke tsiku lomwelo. Sungani kaundula wa matikiti amene sanagwiritsidwe ntchito: ambiri amakhala amoyo kwa chaka kuchokera tsiku logula, ndipo ngakhale osabwezeka ndalama, misonkho ina imabwezedwa mukaipempha.

Pamene business ili yoyenera ndi pa ulendo wa usiku umene munthu akutsika m'mawa n'kulunjika ku zokambirana za ndalama zambiri. Kupanda apo, yerekezani kusiyana kwa mtengo ndi usiku umodzi wa hotela kuphatikiza alawansi ya tsiku limodzi. Kumutumiza pa economy tsiku limodzi msanga kuti akapume kumatchipa pafupifupi nthawi zonse. Ngati muli ndi eni masheya kapena opereka thandizo a ku Ulaya amene amafunsa za utsi wowononga chilengedwe, dziwani kuti mwa kawerengedwe ka boma la Britain, mpando wa business pa ulendo wautali umawerengedwa pafupifupi katatu poyerekeza ndi wa economy, ndipo wa first class kanayi.

Bwana wathu akuti mamailosi amene timapeza pa maulendo a ntchito ndi a bungwe, tiziwapereka kuti agulire matikiti ena. Ali ndi mphamvu yotero? — Mlangizi wa zaulimi, Chipata

Zimatengera zimene munasainirana. Mayiko amasiyana pa nkhaniyi. Ku Germany khoti lalikulu la nkhani za ntchito linagamula mu 2006 kuti mamailosi a pa ulendo wolipiridwa ndi kampani ndi a kampaniyo. Kumeneko nkhaniyi inagwetsapo anthu akuluakulu: mu 2002 Gregor Gysi anatula pansi udindo wake mu boma la mzinda wa Berlin zitadziwika kuti anagwiritsa ntchito mamailosi a maulendo a ntchito pa maulendo a iye mwini, ndipo phungu wa nyumba ya malamulo Cem Özdemir naye anasiya udindo pa mkuntho womwewo. Ku America zinayenda mwina. Lamulo la mu Disembala 2001 linalola antchito a boma kusunga mamailosi awo.

Bambo, siyanitsani zinthu ziwiri. Pali mamailosi ogulira tikiti, ndipo pali mapointi okwezera khadi. Oyambawo mungagulire nawo tikiti ya mnzanu wa kuntchito bungwe likafuna. Achiwiriwo sasamutsika, amakhala pa dzina la amene anakhala pa mpando. Choncho Silver kapena Gold yanu palibe angakulandeni.

Kwa abwana anuwo tinganene kuti khasu ndi la mwini munda, inde, koma matuza ali m'manja mwa wolima. Amene wagona pa benchi pa bwalo la ndege la Bole ku Addis Ababa ndi wantchito, ndipo kulondola maakaunti a anthu 20 kuti mupeze tikiti imodzi yaulere ndi ntchito yodya nthawi. Pali njira yabwino. Makampani ambiri a ndege ali ndi maakaunti a mabizinesi: On Business ya British Airways, BlueBiz ya Air France ndi KLM, PartnerPlusBenefit ya Lufthansa, Business Rewards ya Emirates, Beyond Business ya Qatar Airways. Bungwe limalembetsa, nambala yake imaikidwa pa tikiti iliyonse, ndipo limapeza mapointi akeake pamene wantchito akupezanso ake. Emirates ndi Qatar Airways zonse zimatera ku Lusaka, ndiye kwa inu n'zotheka. Chimene mungagwirizane, chilembedwe mu ndondomeko ya maulendo.

Ndinapita ku Geneva, tikiti anagula ndi ejenti wa ofesi. Patha mwezi, mamailosi sanalowe. — Namwino, Zomba

Onani zinthu izi motsatana. Kodi nambala ya khadi inalembedwa pa chiphaso chokwerera ndege? Ngati palibe, ejenti sanaiike. Kodi dzina la pa tikiti likufanana ndendende ndi la pa khadi? Amayi amene khadi lili m'dzina la kwawo pamene pasipoti ili m'dzina la ku banja amakumana ndi vutoli kawirikawiri. Kodi chilembo cha tikiti chimapereka mamailosi? Matikiti a gulu ndi ena a mitengo yapadera sapereka kanthu, kapena amapereka gawo lochepa.

Ngati zonsezi zili bwino, lowani mu akaunti yanu pa intaneti n'kupempha mamailosi osowa. Adzafuna nambala ya tikiti ya manambala 13, osati zilembo 6 za bukingi. Manambala atatu oyamba amasonyeza kampani imene inatulutsa tikiti: 071 ndi Ethiopian Airlines, 706 Kenya Airways, 083 South African Airways, 125 British Airways. Musachedwe, makampani ambiri amatseka pakatha miyezi 6, ndipo musataye ziphaso zokwerera mpaka mamailosi alowe. Ndege imodzi imalowa pa khadi limodzi lokha.

N'chifukwa chiyani makampaniwa akuchita zimenezi? Nanga ife oyendera Ethiopian ndi Kenya Airways zitifika? Nditenge khadi liti? — Wogwira ntchito m'bungwe lothandiza anthu, Lilongwe

Makhadiwa anasiya kalekale kukhala mphatso. American Airlines itayambitsa khadi lake la AAdvantage mu 1981 cholinga chinali kukopa okwera, koma lero mamailosi ndi malonda paokha, ogulitsidwa kwa mabanki amene amawapereka kwa eni makhadi a ngongole. Delta inalandira madola 6.8 biliyoni kuchokera ku American Express mu 2023. Ndege zitaima chifukwa cha Covid-19, United inakongola madola 6.8 biliyoni mu 2020 poika pulogalamu yake ya mamailosi, MileagePlus, ngati chikole, Delta inakongola 9 biliyoni pa yake ya SkyMiles, ndipo American inakongola 10 biliyoni mu 2021. Vuto linabwera pamene a Gold anachuluka mpaka pakhomo pa lounge pakhala mzere. Khadi limene aliyense ali nalo silikopanso bwana wa tikiti yodula, yemwe ndi amene amabweretsa phindu lalikulu.

Delta inayesa mu Seputembala 2023 kuika khadi lake lapamwamba la Diamond pa madola 35,000 pachaka. Anthu anakalipa, mkulu wake Ed Bastian anavomera kuti anapyola muyeso, ndipo mwezi wotsatira anatsitsa kufika pa 28,000, Silver pa 5,000. Anatsitsa mtengo, koma mfundo yowerenga ndalama sanaisiye. British Airways nayo inafewetsa malamulo ake, koma mfundoyo sinaisiye.

Si onse atsata njira imeneyi. Flying Blue ya Air France ndi KLM imawerenga mapointi a XP potengera mtunda ndi mpando: 100 pa Silver, 180 pa Gold, 300 pa Platinum. Lufthansa kuyambira Januwale 2024 imapereka mapointi okhazikika malinga ndi mpando komanso ngati ulendo ndi wopita ku kontinenti ina kapena ayi. Emirates imafuna mamailosi 25,000 pa Silver ndi 50,000 pa Gold, ngakhale kuti tikiti yotchipa imapereka ochepa. Malamulowa amasintha, ndiye muziwerenga uthenga umene amakutumizirani chaka chikamatha.

Kwa munthu wa ku Lilongwe, funso ndi lakuti ofesi yanu imakukwezani ndege iti kawirikawiri. Ethiopian Airlines ili mu Star Alliance kuyambira 2011, pamodzi ndi South African Airways, Lufthansa ndi United. Kenya Airways ili mu SkyTeam ndi KLM, Air France ndi Delta, ndipo mu 2023 inayambitsa khadi lakelake la Asante Rewards. Malawi Airlines, imene boma lili ndi 51 peresenti ndipo Ethiopian 49, si membala wa Star Alliance. Apa pali msampha: ngati khadi lanu ndi la Lufthansa kapena United, ndege yoyendetsedwa ndi Malawi Airlines ingathe kusawerengedwa ngakhale pa tikiti palembedwe nambala ya Ethiopian, popeza m'gulu limeneli amayang'ana mwini ndege imene mwakweradi. Wodutsira ku Addis Ababa nthawi zambiri, ShebaMiles ya Ethiopian Airlines ndi imene ingamuyenere. Makhadi anayi okhala ndi timamailosi tochepa pa lililonse sakupatsani kanthu. Sankhani limodzi pa gulu lililonse.

Ndatsala pang'ono kuti Gold yanga ipitirire, koma maulendo a ntchito atha chaka chino. Ndigule ulendo ndi ndalama zanga kuti ndikwanitse? — Wamalonda, Johannesburg

Tengani pepala, mulembe maulendo amene mukutsimikiza kuti mudzayenda chaka chamawa. Chotsani onse a business, chifukwa tikitiyo imabwera kale ndi lounge, mzere wachangu ndi masutikesi owonjezera, ndipo khadi silikuwonjezerani zambiri pamenepo. Pa otsalawo, a economy, ikani mtengo wa zimene Gold imapereka: sutikesi imodzi yowonjezera, kapena makilogalamu 20 pa ndege zowerenga kulemera, kulowa mu lounge, ndi kusankha mpando. Ikani zokhazo zimene mukanalipiradi ndi thumba lanu. Ngati chiwerengerocho chikuchepera mtengo wa ulendo wongokwaniritsawo, usiyeni.

Musanagule, imbani kaye foni kapena lembani ku ofesi ya khadilo. Makampani ena amagulitsa mapointi otsalawo kapena amapereka nthawi yowonjezera kwa amene wapereweza pang'ono, ndipo ena amapatsa khadi lofanana kwa munthu wochokera ku kampani yopikisana nayo akaonetsa umboni, bola khadi lakalelo likhale lisanathe. Mukasankha kuyendabe, onetsetsani tsiku lenileni limene chaka chanu chikutha, chifukwa amawerenga tsiku lokwera ndege, osati logula tikiti. Funsaninso chilembo cha tikitiyo musanalipire, n'kuona pa tebulo la khadi lanu kuti chikupereka mapointi angati.